Thumba la yureya likulemera 50, koma chimene mwagula ndi 23

Mvula inali itangokata, ndipo phiri la Michesi linali litafunda mtambo mpaka m'chiuno. Pakhonde la mlongo wanga, chakufupi ndi Migowi, thumba la feteleza wobereketsa linali litatsamira khoma, litakhazikidwa pa njerwa ziwiri kuopa chinyontho. Pamkeka panali kope la Chemistry la mwana wake wamkazi wa Fomu 3, litatayidwa chafufumimba ngati lamutukwana.

"Amalume, zinazi n'zongotizunza basi," anatero. "Ma mole amenewa ndidzawadya?"

Ndinaseka, koma ndi kamanyazi, chifukwa nanenso funso lomweli ndinalifunsapo masiku omwe phunziroli linkatchedwa Physical Science, lisanagawidwe kukhala Chemistry ndi Physics. Aphunzitsi athu ankalemba pa bolodi kuti n = m/M, ife n'kukopera, n'kuloweza, mayeso atatha n'kuiwala. Palibe ndi mmodzi yemwe anatiuza kuti masamu amenewo analembedwa kale pa thumba lomwe makolo athu ankagulitsira mbuzi kuti alipeze.

Ndinamuuza mtsikanayo kuti atembenuze thumba lija awerenge. Panali palembedwa kuti UREA 46% N, 50 kg. Nditamufunsa komwe 46 ameneyo wachokera, anati mwina boma ndi lomwe linakhazikitsa. Mayi ake, omwe ankasola nandolo chapafupi, anati iwo ankayesa kuti ndi nambala ya kampani.

Nambala imeneyo siyochokera ku boma kapena ku kampani. Mwana aliyense wa Fomu 3 atha kuipeza yekha ndi pensulo, ndipo akaipeza, nkhani ya feteleza m'mudzi mwake imamveka mwina.

Tiyambire pamsika. Nthawi ya nandolo, mavenda amakoleka masikelo awo m'mitengo ku Migowi, ku Chiringa ndi m'misika ina ya boma lino. Palibe venda amene amawerenga njere. Amayeza kulemera kwake n'kutchula mtengo. Koma mlimi yemweyo akapita kumunda nthawi yobzala, sikelo amaisiya kunyumba, n'kumawerenga: imodzi paphando, kapena zitatu paphando. Wina amaganiza m'makilogalamu, wina m'njere. Amene akudziwa kulemera kwa njere imodzi atha kuyenda mbali zonse ziwiri: mukam'patsa kilogalamu akuuzani njere zake, mukam'patsa chiwerengero cha mapando akuuzani makilogalamu oti mugule.

Vuto la anthu a Chemistry ndi lomweli. Maatomu akamalumikizana kupanga chinthu chatsopano, amatero mowerengana, awiri a uku ndi limodzi la uko, ngati mlimi wobzala. Koma ndi ang'onoang'ono moti palibe angawawerenge. Chomwe munthu angathe ndi kuyeza pa sikelo, ngati venda. Ndiye anakhazikitsa mulu umodzi woti aziwerengera, monga momwe wogulitsa mazira amanenera kuti thireyi ife n'kumva kuti 30. Muluwo ndiye mole. M'mole imodzi muli tinthu 6.022 × 10²³, kutanthauza 6 wotsatidwa ndi manambala ena 23.

Kuchuluka kwake n'kovuta kukuona m'maganizo. Madzi olemera magalamu 18, omwe ndi supuni yaikulu imodzi ndi pang'ono pamwamba, ndiwo mole imodzi ya madzi. Anthu onse 8 biliyoni a padziko lapansi atati akhale pansi kuwerenga mamolekyu a m'supuni imeneyo, aliyense limodzi pa sekondi, osagona, osapita kumaliro, angamalize patatha zaka zoposa 2 miliyoni.

Nambalayi inapatsidwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Italy, amene mu 1811 ananena kuti mipweya yosiyana ikadzaza malo ofanana, pa kutentha ndi kupanikizika kofanana, imakhala ndi mamolekyu ochuluka mofanana. Iye mwini sanaiwerengere nambalayo. Anaipeza ena iye atamwalira kale. Maiko anagwirizana kuti kuyambira pa 20 May 2019 ikhale 6.02214076 × 10²³ ndendende. Pa mayeso a MANEB palibe adzakufunseni manambala onsewo, koma ubwino wa mole uli apa: kulemera kwa atomu komwe kwalembedwa pa tchati cha m'kalasi, mukakuwerenga m'magalamu, ndiko kulemera kwa mole imodzi. Kaboni 12, nayitirojeni 14, okosijeni 16, hayidirojeni 1.

Tinatenga kope lija. Yureya amalembedwa kuti CO(NH₂)₂. Ndinamuuza aphwanye yekha. Kaboni mmodzi, 12. Okosijeni mmodzi, 16. Nayitirojeni awiri, 28. Hayidirojeni anayi, 4. Pamodzi 60. Choncho mole imodzi ya yureya imalemera magalamu 60, ndipo mwa magalamu amenewo, 28 ndi nayitirojeni. Anagawa 28 ndi 60 pa kafoni ka mayi ake, n'kupeza 0.467. Anayang'ana thumba, n'kuyang'ananso foni.

"Ndi 46 uja!"

Ndi yemweyo. Kachidutswa kotsalako kamapita ku chinyontho ndi tina tomwe timalowamo popanga. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50, chakudya chenicheni chomwe chimanga chikufuna ndi makilogalamu 23. Zotsalazo sikuti akuberani ayi. Ndi kaboni, okosijeni ndi hayidirojeni zomwe zagwirizira nayitirojeniyo kuti akhale mchere woti munthu n'kunyamula pa njinga. Ngakhale fakitale itakhala yaukhondo chotani, yureya sangapitirire 46.7 pa 100 iliyonse. Wina akadzakuuzani kuti wake ndi wamphamvu kuposa pamenepo, gwirani chikwama chanu.

Mlongo wanga apa anasiya kusola nandolo.

Tinapitiriza. Thumba lonse ndi magalamu 50,000. Kugawa ndi 60 kukupereka ma mole 833. Apa ndi pomwe n = m/M uja amagwira ntchito, ndipo sikuposa kufunsa kuti m'ndowa ya mazira mutuluka mathireyi angati. Popeza molekyu iliyonse ya yureya ili ndi maatomu awiri a nayitirojeni, ndipo nayitirojeni wa mumpweya amayendanso awiriawiri, N₂, thumbali lanyamula ma mole 833 a mpweya wa nayitirojeni. Buku la kusukulu limati mole imodzi ya mpweya uliwonse, pa kutentha kwa m'chipinda, imadzaza malita 24. Ndiye kuti malita 20,000. Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, choncho nayitirojeni yense wa m'thumba lija angapezeke mumpweya wa m'chipinda chimodzi cha mamita atatu m'litali, atatu m'lifupi ndi atatu kupita m'mwamba.

Kunena zoona, masamu amenewa amandipweteka mtima nthawi zonse ndikawachita. Chinthu chomwe tikuchilirira, chomwe mtengo wake pamsika unadutsa K100,000 pa thumba, chadzaza m'chipinda chomwe timagona, chaulere. Kungoti chimanga sichitha kuchitapa mumpweya. Maatomu awiri a N₂ amagwirana mwamphamvu kwambiri, ndipo kuwalekanitsa kumafuna moto ndi mphamvu zadzaoneni. Fritz Haber wa ku Germany ndiye anaonetsa njira yake mu 1909, ndipo Carl Bosch anaisandutsa fakitale ku Oppau mu 1913. Mpaka lero mafakitale ambiri amatenga hayidirojeni wofunika pa njirayi ku gasi wa pansi pa nthaka. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, gasi n'kukwera, ululu wake unamveka mpaka kuno kuseri kwa phiri la Mulanje. Onjezanipo ulendo wochokera ku doko la Beira kapena Nacala, ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Chomwe timalipira si nayitirojeniyo, koma ntchito yomugwira ndi kumubweretsa.

Nandolo yemwe mlongo wanga ankasola uja amagwira ntchito yomweyo mwakachetechete. M'timatuza ta m'mizu yake mumakhala tizilombo tomwe timatapa nayitirojeni mumpweya popanda gasi, popanda doko. Anthu a ku Phalombe akhala akubzala nandolo m'chimanga kuyambira kale, Haber asanamveke n'komwe kuno.

Tsopano tifike pomwe ana ambiri amagwera pa mayeso. Njira ya Haber imalembedwa motere: N₂ + 3H₂ → 2NH₃. Funso limati: magalamu 28 a nayitirojeni akufuna magalamu angati a hayidirojeni? M'kope la mwana wa mlongo wanga munali yankho lakuti 84, lodulidwa ndi cholembera chofiira. Anaona 1 ndi 3, n'kuchulukitsa 28 katatu. Maganizo ake sanali opusa, anangosokoneza chilankhulo cha mlimi ndi cha venda. Manambala a kutsogolo kwa zilembo aja amanena za kuwerenga, osati kulemera. Mole imodzi ya N₂ ikufuna ma mole atatu a H₂, ndipo mole imodzi ya H₂ imangolemera magalamu 2. Yankho ndi magalamu 6, ndipo zotuluka ndi magalamu 34 a amoniya.

Kuno kwathu, komwe makomo ambiri ali ndi njinga, chitsanzo chake sichisowa. Felemu imodzi imafuna mawilo awiri. Izi sizikutanthauza kuti felemu ya makilogalamu 6 ikufuna mawilo a makilogalamu 12. Ndipo wokonza njinga akakhala ndi mafelemu 10 ndi mawilo 14, atulutsa njinga 7 zokha, mafelemu atatu n'kutsala atakolekedwa padenga. Chomwe chayamba kutha ndicho chimalamula. M'buku ali nalo dzina lake lalitali, koma nzeru yake ndi yomweyi.

Choncho njira yake ndi imodzi nthawi zonse. Yambani mwaonetsetsa kuti maatomu a kumanzere ndi a kumanja akufanana. Magalamu omwe mwapatsidwa asandutseni ma mole pogawa ndi kulemera kwa mole imodzi. Mukatero m'pomwe mugwiritse ntchito manambala a kutsogolo aja, kenako n'kubwerera ku magalamu pochulukitsa. Amene amadumpha kuchoka ku magalamu a ichi kupita ku magalamu a icho osadzera pa mole ali ngati woloka mtsinje wa Phalombe utadzaza, mlatho akuuona.

Tinayesa ndi thumba lija. Yureya amapangidwa chonchi: 2NH₃ + CO₂ → CO(NH₂)₂ + H₂O. Ma mole 833 a yureya akufuna kawiri kake ka amoniya, 1,667, omwe pa magalamu 17 iliyonse ndi makilogalamu 28.3. Akufunanso ma mole 833 a CO₂, pa magalamu 44 iliyonse, makilogalamu 36.7. Zolowa zonse ndi 65. Zotuluka ndi yureya 50 ndi madzi 15, zomwenso ndi 65. Palibe chatayika, palibe chabadwa. Lamulo limeneli, lomwe Antoine Lavoisier wa ku France analifotokoza bwino m'buku lake la mu 1789, ndilo tsinde la masamu onsewa, omwe Jeremias Richter anawapatsa dzina lakuti stoichiometry mu 1792. Dzinalo likuluma lilime, koma tanthauzo lake n'kuyeza zinthu zomwe zikulowa ndi kutuluka.

Feteleza wokulitsa ali ndi kachinsinsi kake. Pa thumba lakale lija la 23:21:0+4S, 23 ndi nayitirojeni ndithu, makilogalamu 11.5 m'thumba. Koma 21 si phosphorus weniweni. Mwa chizolowezi cha amalonda a feteleza m'maiko ambiri, amamuwerengera ngati P₂O₅, yemwe mole yake imalemera magalamu 142, ndipo phosphorus m'menemo ndi 62 okha. Ndiye makilogalamu 10.5 omwe mungayembekezere amatsika kufika pa 4.6. Pa thumba la masiku ano la 23:10:5+6S+1Zn, phosphorus ndi makilogalamu 2.2, ndipo potaziyamu, yemwe amawerengedwa ngati K₂O, ndi 2.1. Si chinyengo, koma amene sadziwa amayesa wagula zambiri kuposa zomwe wanyamula.

Chimodzimodzi posankha feteleza wobereketsa. Sulphate of ammonia, (NH₄)₂SO₄, mole yake ndi magalamu 132 ndipo nayitirojeni ndi 28 yemwe uja, kutanthauza 21 peresenti, makilogalamu 10.5 pa thumba. CAN wa 27 peresenti ali ndi 13.5. Kuti mufike pa thumba limodzi la yureya mufunika matumba awiri ndi kachigawo a sulphate, kapena limodzi ndi magawo 7 pa 10 a CAN. Aliyense mwa awiriwa ali ndi ubwino wake, wina salufa, wina sauluka msanga, koma munthu woima m'sitolo n'kumasankha thumba lotsikirako mtengo ayenera kugawa mtengowo ndi makilogalamu a nayitirojeni, osati ndi 50.

Ulangizi womwe wakhala ukuperekedwa kwa zaka zambiri pa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala: matumba awiri a wokulitsa, 23, ndi atatu a yureya, 69. Pulogalamu ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankagula matumba awiri pa K4,495 lililonse, limodzi lokulitsa ndi limodzi lobereketsa. Pamodzi ndi makilogalamu 34.5. Gawani ndi 92, mupeza kuti akukwanira hekitala 0.375, yomwe ndi ekala imodzi yoperewera pang'ono. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika kumudzi: matumba awiriwo amagawidwa ndi apongozi, ndi mlamu, otsalawo n'kuwazidwa pa maekala awiri. Pokolola timati feteleza wa masiku ano ndi wofooka.

Mukabzala njere imodzi paphando, masentimita 25 kuchoka phando kufika linzake ndi 75 pakati pa mizere, hekitala imalowa mapando 53,333. Makilogalamu 150 a yureya pa mapando amenewo ndi magalamu 2.8 pa phesi lililonse, ka m'chitsekerero cha botolo. M'kachitsekerero kameneko nayitirojeni ndi galamu imodzi ndi pang'ono. Ndipo naye atha kuthawa. Yureya akakumana ndi chinyontho cha m'nthaka amaphwanyika: CO(NH₂)₂ + H₂O → 2NH₃ + CO₂. Ndi njira ya kufakitale ija ikuyenda chobwerera. Amoniya ndi mpweya. Mukasiya timibulu pamwamba pa dothi dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limauluka. Alangizi akamati boolani kadzenje pambali pa phesi, thirani, kwirirani, sakufuna kungokuthyolani msana.

Mlongo wanga ndiye anadzutsa nkhani ya feteleza wa Mbeya. Kuchokera pomwe feteleza anakwera, m'midzi yambiri anthu akusakaniza makilogalamu 10 kapena ocheperapo a feteleza ndi madeya, phulusa, ndowe za ziweto ndi madzi pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa milungu itatu. Ena amalalikira kuti thumba limodzi labala matumba asanu.

"Achimwene, inu ophunziranu, zimenezi n'zoona?"

Ndinam'patsa mwana uja pensulo kuti ayankhe ndi iyeyo. Makilogalamu 10 a yureya ali ndi nayitirojeni 4.6. Mukawasakaniza ndi zina mpaka thumba lidzaze, nayitirojeni wochokera ku yureyayo akadali 4.6. Madeya ndi ndowe zimawonjezerapo wake, koma wochepa, chifukwa zinthu zimenezi sizikhala ndi nayitirojeni wopitirira magawo ochepa pa 100. Kufika pa 23 n'kosatheka. Maatomu saswana m'thumba ngati anankafumbwe. Komanso phulusa likakumana ndi yureya wonyowa limathandiza amoniya kuuluka, ndipo fungo loboola m'mphuno lomwe limakulandirani mukamasula thumbalo ndi nayitirojeni akutsanzika.

Sindikunyoza Mbeya. Nthaka yathu yatopa, ndipo m'malo ambiri namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola dothi lapamwamba n'kusiya mchenga ndi miyala. Manyowa amabwezeretsa chonde, amasunga chinyontho, phulusa limabweretsa potaziyamu, ndipo munda wothiridwa Mbeya umaposa kutali munda wosathiridwa kanthu. Chomwe ndikukana ndi kuuza mayi wamasiye kuti ali ndi matumba asanu pomwe nayitirojeni wogula yemwe ali naye ndi wa thumba limodzi. Muuzeni zoona, asankhe yekha kukula kwa munda woti athirepo.

Pali kanthu kenanso komwe mwana wa sukulu angathandize nako pakhomo. Nkhani za feteleza wosakaniza ndi mchenga zimamveka chaka ndi chaka. Yureya weniweni amasungunuka yense m'madzi, ndipo kapuyo imazizira mukaigwira. Yezani magalamu 100, sungunulani, tsanulani madziwo, umitsani zotsalira pansi n'kuziyeza. Zikakhala magalamu 20, ndiye kuti thumba lanu la 50 lili ndi yureya 40, nayitirojeni 18.4 m'malo mwa 23. Pamafunika kapu, madzi ndi kasikelo kakang'ono basi.

Apa ndi pomwe ndili ndi mawu kwa aphunzitsi anzanga a sayansi, ngakhale ine choko ndinasiya kale. N'zoona kuti sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale, ndipo dandaulo limenelo ndi lomveka. Koma mutu wa mole sufuna labotale kuti uyambike. Ufuna thumba lopanda kanthu la yureya, lomwe lili pakhomo lililonse, ena akuyanikapo ufa, ena asokera mkeka. Mwana amene wapeza yekha 46 pa thumba la mayi ake sadzafunsanso ngati ma mole amadyedwa, ndipo akadzakumana ndi funso la magnesium kapena la miyala ya laimu pa MSCE, njira adzakhala akuidziwa, chifukwa ndi yomweyo. Mabuku athu ali ndi zitsanzo zolondola, koma zambiri n'za zinthu zomwe mwana wa ku Nambazo kapena ku Nkhulambe sanazionepo ndi maso. Yambani ndi chomwe wachisenzapo pamutu.

Dzuwa likulowa, mtsikana uja anali atadzaza masamba awiri. Anayeza munda wa mayi ake ndi mapazi tsiku lotsatira, n'kupeza kuti thumba lawo limodzi, pa mlingo wa alangizi, likukwanira gawo limodzi mwa magawo atatu a hekitala. Mlongo wanga anang'ung'udza, chifukwa ankafuna lifike mpaka kumalire. Pamapeto pake anathira chigawo cha kumtunda chokha, mokwirira, ndipo kumunsi kuja anasiyako nandolo ndi manyowa a mbuzi.